Matabwa Atatu a Tebulo la Amayi

Ndikukumbukira Loweruka lina m'mwezi wa Julayi, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, pamene ababa anabwereka mphuno yanga ine n'kuwanamiza. Papita zaka zambiri, pano ndine mayi wa ana awiri, koma ndikangoliganizira tsikulo malovu amadzaza m'kamwa ngati munthu wofuna kusanza. Ngati mukuwerenga nkhaniyi mbale ili pamwendo, yambani mwamaliza kudya. Ndakuchenjezani.

Tinkakhala ku Block 10, mumzinda wa Gaborone, nthawi imene nyumba zomalizidwa zinali zowerengeka. Chinali chaka cha 2007 kapena 2008, pamenepo mutu wanga umasokoneza. Kulikonse kumene ungayang'ane kunali milu ya mchenga, njerwa, mapepala a simenti okodwa m'minga, ndi fumbi lofiira limene linkalowa mpaka m'mano. Ife tinkachita lendi kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya Mma Neo, mayi wa Chitswana wansangala koma wapakamwa. Mwana wawo Neo anali mnzanga wa ponda apa nane mpondepo, kalasi imodzi, desiki imodzi.

Ntchito ya ababa inali kukonza makina a fotokope m'maofesi a ku Main Mall. Ankabwera madzulo zala zili bii ndi inki. Za matabwa sizinali ntchito, amayi ankati ndi matenda. Loweruka lililonse ankatulutsa bokosi lachitsulo limene linkakhala pansi pa bedi, n'kuyala zida zawo pa chitseko chakale chimene anachisandutsa benchi pansi pa mtengo waminga: sowo, matchizulo atatu, sikweya, nyundo yamtengo yosema okha, ndi puleni yakale imene anachokera nayo ku Ntcheu. Anapanga mipando yathu, shelefu ya nsapato, kabokosi ka mankhwala, zogwirira za mipeni yonse ya m'nyumba, ngakhale kauntala ya kagolosale ka mnzawo wina wa ku tchalitchi. Sanagulitsepo chinthu ngakhale chimodzi. Munthu akawafunsa mtengo ankakhumudwa ngati wawatukwana.

Matabwanso sankagula. Ankatola mapaleti osanjikirapo katundu, zotsala za omanga nyumba, zitseko zothyoka, chilichonse chimene ena atopa nacho. Osatola anali awiri okha, a mlombwa, akuluakulu, ofiira, amene ankagona pansi pa bedi atakutidwa m'bulangete ngati odwala. Amenewo ankati ndi a mpando wa ukalamba wawo, ndipo wowakhudza ankaona zakuda.

Koma kutola kwa ababa kunali ndi lamulo lake. Thabwa lililonse lisanaone puleni ankalithira madzi a m'kapu, kudikira pang'ono, n'kuwerama kulinunkhiza. "Thabwa lotola ndi mlendo," ankatero. "Umayamba walifunsa kumene likuchokera. Pakamwa lilibe, limayankha ndi fungo, koma louma siliyankha." Lonunkha dizilo linkapita ku ntchito za panja. Lonunkha mankhwala a chiswe linkakhala la nsapato. Lopita kufupi ndi chakudya linkayenera kununkhira mtengo basi. Ine ndinaphunzira msanga, ndipo ababa ankandinyadira pamaso pa alendo kuti mphuno ya Edina ndi ya galu wosaka. Mtsikana wina akanakwiya nawo mawu amenewo, ine ndinkamva kukoma.

Amayi ankagulitsa samusa ndi mandasi kwa anthu omanga nyumba. Vuto linali pokandira. Ankakanda ufa m'beseni, n'kuupyapyalitsa ndi botolo pa thireyi yoika pansi, atagwada, tsiku ndi tsiku, mpaka msana unayamba kuwakana. Akamadzuka pamenepo ankayamba agwira khoma. Ndiye ababa analonjeza tebulo lofika m'chiuno. Ndikuwaona mpaka pano akuyeza ndi tepi kuchokera pansi kufika m'chiuno mwa amayi, amayi akuwamenya dzanja uku akuseka: "Bambo a Edina, mwana akuona!"

Tebulo lotere linkafuna matabwa otambalala, chifukwa a mapaleti ndi ang'onoang'ono ndipo ufa umalowa m'mipata. A Daka, kapitawo wochokera ku Chipata amene ankagula samusa m'mawa uliwonse, anati ali nawo atatu abwino pa nyumba imene ankamanga, kumapeto kwenikweni kwa msewu wathu, kupitirira bwalo la mpira. Sabata imeneyo ababa anali ndi chimfine choopsa, maso ofiira, mphuno ikungochucha. Anandipatsa wilibala. "Pita kwa a Daka, ukanene kuti ndatumidwa ndi ababa. Usachedwe."

Apa ndiye panagona nkhani. Pa bwalo la mpira lija Loweruka pankasonkhana ana a kusukulu kwathu, ndipo ine ndinali pa msinkhu umene manyazi amakula kuposa nzeru. Ankatitchula kale kuti makwerekwere, dzina lawo lonyozera anthu obwera. Ndiye andione ndikukankha wilibala yolira kwii kwii, matabwa ali pamwamba? Lolemba ndikanalowera pati?

Nyumba yachitatu kuchokera kwathu inali itangomalizidwa, omanga atachoka. Kuseri kwake, pamene panali chimbudzi chawo cha malata, anali atagwetsa malatawo, dzenje atalikwirira ndi zidutswa za njerwa, ndipo matabwa atatu amene ankakhala pamwamba pa dzenjelo anawatsamiritsa kukhoma. Musaganize kuti sindinkawadziwa. Ndinkawadziwa bwino kwambiri. Chaka chathunthu ine ndi Neo tinkadutsa pamenepo popita kusukulu titagwira mphuno, tikukuwa mawu awo akuno onyansidwira aja akuti "Sies!", ntchentche zobiriwira zikutiperekeza mpaka pa kona. Amuna oposa khumi ankapita pamenepo tsiku lililonse, ndipo si onse ankalunjika pa dzenje. Thabwa limodzi linali lodulidwa m'mbali ngati theka la mwezi, mbali ya bowo la chimbudzicho. Koma tsiku limenelo, m'chisanu cha Julayi, anali ouma gwa, otuwa ndi fumbi la simenti, opanda fungo, otambalala bwino ngati amene ababa ankawalota.

Ndinavala majumbo m'manja powanyamula. Mfundo imeneyi ndimainena dala, chifukwa ndi umboni wakuti sindinali kamwana kosadziwa kanthu. Kenako ndinakhala kuseri kwa khoma kwa kanthawi ndithu, kuti kuchedwa kwanga kuoneke ngati kwa munthu wochokera kutali.

Ababa atawaona anaiwala chimfine. Anawasisita ndi manja, manja enieni opanda jumbo, n'kumati, "A Daka ndi munthu! Taona kunenepa kwake!" Atafika podulidwa paja ine ndinalankhula asanafunse: "Akuti panadutsa paipi." Anagwedeza mutu, n'kulemba mzere ndi pensulo kuti adulepo. Kenako anatenga kapu ya madzi. Anathira, anadikira, anawerama, anakoka mpweya mpaka kutsokomola. Anamina, n'kuyesanso.

"Aa, yanga yafa lero. Edina, tandibwereka yako."

Ndinawerama. Abale inu! Madzi aja anali atadzutsa zonse zimene dzuwa linagoneka. Mikodzo yakale, yowawasa, yoluma m'maso, ndipo pansi pake panali chinacho, cholemera, chimene sindichitchula m'nkhani yowerenga anthu aulemu. Fungolo silinathere m'mphuno, linatsikira kukhosi n'kukakhazikika pa lilime. Ndinameza malovu kawiri.

"Ukumva chiyani?"

"Simenti basi."

"Zoona? Paja awa ndi a chakudya."

"Simenti ndi fumbi, ababa."

Sanafunse kachitatu. Akanafunsiranji? Mphuno ya Edina inali isanalakwepo.

Tebulolo linawatengera masabata atatu. Puleni inkadya pamwamba potuwa paja, kunsi kwake n'kutuluka paini woyera, wokongola, zopalazo zikupiringizika n'kugwera pa mapazi awo. Kale zopala zotere ndinkazikoleka m'makutu ngati ndolo, koma ulendo uno ndinkazikokolola ndi fosholo, nkhope ili kumbali. Analumikiza matabwawo ndi guluu ndi zikhomo zamtengo, misomali ayi, kuopa dzimbiri mu ufa. Vanishi anakananso, akuti sadyedwa. M'malo mwake anapaka mafuta ophikira, kutikita ndi chikhatho mpaka tebulo linawala. Pomaliza anachita mwambo wawo wa nthawi zonse, wolemba ndi pensulo kunsi kwa chinthu kumene matabwa ake anachokera. Analemba mizere iwiri: Matabwa, a Daka. Mphuno, Edina. A Daka, amene akanandiulula, anali atasamutsidwira ku ntchito ina ku Kumakwane sabata yomwe ija. Ine ndinati mwayi wanga. Zoti choipa chitsata mwini ndinkaziyesa zongolemba pa mayeso.

Tebulo litalowa m'nyumba amayi anaimba nthungululu mpaka Mma Neo anasuzumira pampanda. Tsiku loyamba ndinaima pakhomo n'kumaona ufa wokanda utayalidwa pamenepo, botolo likuupsinjira m'thabwa, uku ndi uku, uku ndi uku. Wina ukamatirira, amayi ankaupala ndi mpeni n'kuubwezera mu unzake. Kenako anatapa pang'ono ndi chala n'kulawa mchere. Ine ndinathawira panja.

Samusa yoyamba amayi anapatsa ine. "Ya mwini mphuno," anatero, atainyamula ndi manja awiri ngati akupereka kwa mlendo wolemekezeka. Ndinati m'mimba mukupota. Mawa lake ndinati ndakhuta. Tsiku lachitatu zifukwa zinatha, ndiye ndinangoyankha m'Chitswana, monga ana okulira ku Gaborone timachitira tikafuna kutseka nkhani: "Ga ke batle." Sindikufuna, basi.

Chodabwitsa n'chakuti palibe amene ankamva fungo lililonse, ndipo palibe amene anadwala. Puleni ndi mafuta zinagwira ntchito yake. Malonda anakula, chifukwa munthu woimirira amakanda msanga kuposa wogwada. M'mawa omanga nyumba ankafola pa geti, kudya ali chiimire, n'kumanyambita zala chimodzichimodzi. Ine ndinkawayang'ana ndi nseru, mumtima n'kumati anthu auve awa. Tangoganizani! Uve wobwera nawo ndine, pa wilibala, koma onyansa kwa ine anali iwo.

Ndipo sizinathere pa samusa. Tebulo lija linasanduka la chilichonse. Ankadulirapo anyezi, kabichi, nyama, buledi. Ababa akagwetsera kachidutswa ka mandasi pamenepo ankakatola ndi nsonga ya chala n'kuponya m'kamwa, akumati pa tebulo loyera ngati ili munthu angadyere popanda mbale. Ndiye ine ndinayamba kukana pafupifupi chilichonse. Ndinkadya buledi wa m'pepala ndisanafike naye kunyumba, ndipo kwa Mma Neo ndinkamaliza mbale mpaka kupempha zina, amayi akuona pa windo. Samusa ziwiri zimene ankandiikira m'kabokosi ka kusukulu ndinkapatsa Neo. "Ke a leboga," ankathokoza, mafuta ali noninoni pa milomo. Tsiku lina anandifunsa chimene sindidyera zinthu zokoma chonchi, ndipo ndinamuyankha mwachidule kuti zimandichititsa nseru. Anaseka, n'kuluma yachiwiri. Mnzanga weniweni, tsiku lililonse, masabata asanu ndi awiri.

Ndinkafuna kuulula, musanditenge ngati chilombo. Koma sabata iliyonse imene inkadutsa mlandu unkanenepa. Sabata yoyamba ukanakhala mlandu wa matabwa. Pofika yachinayi unali kale mlandu wa anthu onse amene anadya. Mpata ndinaupeza ndithu. Loweruka lina ababa akupala mwendo wa kampando, osandiyang'ana, anati, "Amayi ako akudandaula. Kodi wayamba kuchita nawo manyazi poti amagulitsa mandasi? Ukadakhala kuti walakwa kanthu ukananena, paja iwe ndi ine sitibisirana." Mawu anafika pa lilime. Ndinayang'ana puleni, ndinayang'ana kapu ya madzi ili pa benchi, n'kunena kuti palibe. Ndinkati ndinena mawa, ndinena Lamulungu. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Amayi poyamba ankaganiza kuti ndi njoka za m'mimba, ndiye anandimwetsa mankhwala. Kenako anasintha mafuta, anachepetsa tsabola, anayesa kuika nyama yambiri. Zitakanika zonse, anayamba kudzikayikira okha. Izi ndinaziona ndi maso anga ndipo ndinakhala chete. Anagula epuloni yatsopano. Anawenga zikhadabo mpaka kutuluka magazi. Ankasamba m'manja ndi sopo, kenako ndi sopo waufa wochapira zovala, kenako ndi mandimu, madzi ake otentha, mpaka khungu linayamba kung'ambika pakati pa zala. Tsiku lina ndinawapeza kuseri kwa chitseko akununkhiza manja awo, kenako bulauzi yawo m'khwapa, mofulumira ngati munthu wakuba. Paja anali atamvapo pokwerera makombi, maminibasi akuno, mayi wina akunena mokweza kuti chakudya cha anthu obwera iye sadya, n'chauve. Za mayi wosamudziwa uja anangoseka. Koma tsopano wokana anali mwana wobereka okha.

Zinaphulika Lamulungu lina masana, kutentha kwa Seputembala kutayamba. Titangobwera ku tchalitchi, Mma Neo anaima pampanda, kumaso kuli mwee, kudzathokoza. Anati Neo wanenepa ndi samusa za tsiku lililonse, Mulungu adalitse manja amenewo. Kenako, mosaganiza kanthu, anawonjezera kuti, "Akuti Edina wanu sadya, akuti zimamuchititsa nseru. Ana a masiku ano!" Amayi anaseka nawo. "Ee, mma," anatero. Analowa m'nyumba osavula za ku tchalitchi, anatsuka tebulo ndi madzi otentha, anakanda, anakazinga samusa ziwiri zokha, n'kuziika pa mbale patsogolo panga. Ababa anali panja pafupi ndi khomo akunola tchizulo.

"Idya."

"Amayi, ndakhuta."

"Edina, ndati idya. Ndikuone."

Ndinaluma. Inali samusa yabwino, yopsa bwino, ya nyama yambiri. Koma tebulo linali likadali lonyowa pansi pa zigongono zanga, ndipo kaya fungolo linalipodi kaya linali m'mutu mwanga, ndinaziona ntchentche zobiriwira zija. Sindinathe n'kudzuka komwe. Ndinasanza pomwepo, pansi, pa nsapato za amayi za ku tchalitchi.

Ndinkayembekezera mbama. Bwenzi zili bwino akanandimenya. Iwo anangotambasula manja patsogolo panga, manja ong'ambikang'ambika aja, otuwa ngati a munthu wokandya simenti.

"Tandiuza, mwanawe. N'chiyani chikununkha pa ine? Ndasamba, ndasamba, ndatopa. Manja omwewa ndi amene ankakuchapira matewera, ndipo sunandinyansepo ngakhale tsiku limodzi. Lero wonyansa ndakhala ine?"

Kulira kwa tchizulo pa mwala kunasiya.

"Si inu, amayi," ndinatero, mamina ndi misozi zili pamodzi. "Ndi tebulo."

Ndinanena zonse: bwalo la mpira, nyumba yachitatu, majumbo, paipi yabodza, simenti. Ndisanamalize amayi anathamangira panja atagwira pakamwa, ndipo ndinawamva akusanza kuseri kwa nyumba. Ababa analowa osandiyang'ana. Anatembenuza tebulo miyendo m'mwamba, anatenga ketulo, n'kuthira madzi otentha kunsi, kumene puleni inangodutsa kamodzi, pafupi ndi dzina langa. Chimfine chinali chitatha kalekale. Anawerama, n'kudzuka ngati alumidwa ndi mavu.

"Asa!" Analavulira panja. Kenako anayang'ana zikhatho zawo, zimene anatikitira mafuta zija. "Kutola zolakwika si mlandu, Edina. Ine ndatolapo zoipa zambiri, ntchito ya madzi ndi imeneyo. Koma ndinakufunsa kawiri."

Amayi atabwerera, maso ali psuu, ndi amene anafunsa funso limene sindinaliiwale mpaka lero. "Ndiye iwe unkadziwa. N'kumandionerera ndikulawa ndi chala? N'kumapatsa Neo? Pakamwa pa munthu ndi pako pokha, tonsefe ndife nkhumba?"



Sanandimenye. Ababa anandipatsa nyundo yamtengo ija n'kundiuza kuti ndiphwasule tebulo ndekha, thabwa ndi thabwa, popanda jumbo. Guluu wawo anali wolimba, ndinathera masana onse, ndipo madzulo ndinasamba m'manja kanayi fungo osachoka. Loweruka lotsatira, dzuwa lili paliwombo, ndinakankha matabwawo pa wilibala yolira ija kudutsa pa bwalo la mpira kupita kotaya zinyalala za omanga, ababa akuyenda pambuyo panga manja ali kumbuyo. Ana aja anayang'ana, mmodzi anaseka, n'kupitiriza mpira wawo. Basi. Manyazi amene ndinazunzira amayi anga masabata onse aja anali omwewo, kuseka kwa mwana mmodzi.

Chilango chachikulu chinali cha amayi. Anandigwira padzanja kupita nane kwa Mma Neo kuti ndikanene ndi pakamwa panga. Ababa anayesa kuwaletsa, kuti palibe wadwala, nkhani ithere m'nyumba. Amayi anakana. "Sindingadyetse mwana wa mnzanga zimenezo n'kumapereka moni pampanda ngati palibe kanthu." Mma Neo anamvetsera atagwira pachifuwa, ndipo mawu amene anatulutsa ndi omwe aja ine ndi Neo tinkakuwa podutsa pa chimbudzi. Neo anasamuka pa desiki yathu mpaka chaka chinatha. Mayi ake anapitiriza kutipatsa moni, dumela, dumela, koma sanagulenso samusa ngakhale imodzi. Ndipo paja ndati anali apakamwa. Nkhani inayenda msewu wonse, omanga ambiri sanabwerenso pa geti, ndipo mayi wa pokwerera makombi uja, kulikonse kumene anali, anakhala ngati ankanena zoona. Womupatsa umboni ndinali ine.

Ababa anatulutsa matabwa a mlombwa aja m'bulangete. Amayi anati, "Nanga mpando wanu?" Iwo anati adzakalambira pa ndowa. Ngakhale ankadziwa bwino kumene anachokera, anawathirabe madzi n'kununkhiza okha, ine nditaima pomwepo. Sanabwerekenso mphuno yanga, tsiku limenelo ngakhale lina lililonse. Akakhala ndi chimfine ankangodikira kuti chithe. Tebulo latsopano litatha ndinasuzumira kunsi. Analemba kuti: Matabwa, mpando wanga. Mzere wachiwiri panalibe.

Samusa zoyamba za pa tebulo limenelo ndinadya zisanu, motsatizana, zikuotcha. Amayi anakhala moyang'anizana nane, manja ali pamwendo, maso ali pakamwa panga. Sanamwetulire. Ankangoyang'ana mpaka nditameza.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti chonyansa m'nkhani yonseyi chinali matabwa. Pano ndikudziwa kuti matabwa analibe mlandu. Anagwira ntchito imene anapatsidwa, ndipo atafunsidwa ndi madzi ananena zoona. Wonyansa anali mtsikana wa majumbo m'manja uja, amene anateteza pakamwa pake n'kusiya mayi ake akudzisenda khungu pofunafuna uve umene sunali pa iwo. Tebulo la mlombwa likadalipo kwa amayi, lada ndi mafuta, ndipo malonda anabwerera patapita nthawi, omanga atsopano atadzaza msewu. Koma puleni imapala matabwa okha. Mpaka lero ndikapita kukawaona, amayi asanandiikire chakudya amanunkhiza kuseri kwa dzanja lawo, mofulumira, osadziwa n'komwe kuti atero. Kenako amakhala pansi n'kumayang'ana pakamwa panga mpaka nditameza. Ine ndimadya zonse, n'kupempha zina, ngakhale nditakhuta.